Diresi Lobaya la Kachiwala

Uyu ndi Kachiwala. Si dzina lake lenileni ayi. Anamupatsa dzinali chifukwa cha kudumpha. Amadumpha pa mpando. Amadumpha pa ngalande. Ngakhale atumidwe kukatenga kapu, amapita akudumpha.

Kachiwala ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuyamba sukulu. Ankafuna buku lakelake. Ankafuna pensulo yakeyake.

"Amayi, ndiyamba mawa?" ankafunsa.

"Ayi, mwanangu. Lolemba."

"Nanga Lolemba ndi mawa?"

"Iwe, makutu anga apumeko!" ankatero amayi ake.

Koma kusukulu sapita ndi zovala wamba. Amapita ndi yunifomu.

Bambo ake a Kachiwala anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde. Ankasoka zikwama. Ankasoka makatani. Ankasoka maovololo a anthu ogwira ntchito.

"Diresi la mwana wanga ndisoka ndekha," anatero.

Anayeza Kachiwala ndi tepi. Anadula nsalu ya buluu. Kenako anatsegula bokosi la ulusi. Ulusi wofewa wa thonje anausiya. Anatenga ulusi wa nayiloni, wosokera zikwama.

"Mwana uyu amang'amba zovala," anatero. "Koma ili lokha saling'amba."

Makina analira. Ta-ta-ta-ta! Ta-ta-ta-ta!

Msoko ukatha, bambo ankayatsa machesi. Ankawotcha nsonga ya ulusi. Msoko wina ukatha, ankawotchanso.

"Mukuwotcheranji, Ababa?" anafunsa Kachiwala.

"Kuti ulusi usamasuke. Zikwama zonse ndimatero."

Lolemba linafika. Kachiwala anadzuka msanga. Anasamba msanga. Anavala diresi lake latsopano. Linali lokongola kwambiri. Linali ndi kolala yoyera. Linali ndi thumba la pensulo.

"Tatembenuka tikuone," anatero bambo ake. Nkhope yawo inali mwee.

Kachiwala anatembenuka.

Pakhosi, bayu!

M'khwapa, bayu!

M'chiuno, bayu!

"Amayi," ananong'ona Kachiwala, "diresi likundibaya."

"Ndi latsopano. Uzolowera. Tiye, tachedwa."

Kusukulu kunali ana ambiri. Kachiwala anakhala pabenchi. Anatsegula buku lake. Anagwira pensulo yake. Aphunzitsi analemba chilembo pabolodi.

Pakhosi, bayu!

Kachiwala anakweza phewa. Anasunthira kumanja. Anasunthira kumanzere. Anakoka kolala. Anakanda kumsana. Anaimirira. Anakhalanso.

"Iwe wapakonawe," anatero aphunzitsi, "kodi wakhala pa linthumbu?"

Ana onse anaseka. Mtsikana wa pambali pake anasendera kutali.

"Kaya uli ndi nsabwe," anatero mtsikanayo.

Kachiwala anachita manyazi. Anayesa kukhala phee. Anawerenga chamumtima. Modzi. Wiri. Tatu.

M'khwapa, bayu!

Aphunzitsi ankayankhula. Kachiwala sanamve kanthu. Anzake ankalemba. Kachiwala sanalembe kanthu. Ankangomva diresi basi.

Belu litalira, anathamanga. Sanadumphe pa ngalande. Anangothamanga mpaka kunyumba. Anavula diresi ali pakhomo penipeni.

"Sukulu inali bwanji?" anafunsa bambo ake.

Kachiwala anawayang'ana. Maso awo anali achimwemwe. Sanafune kuwakhumudwitsa.

"Inali bwino," anayankha ndi mawu otsika.

Lachiwiri zinali chimodzimodzi.

Pakhosi, bayu! M'khwapa, bayu! M'chiuno, bayu!

Kachiwala anasunthira uku. Anasunthira uko. Benchi linagwedezeka. Pensulo ya mnzake inagwa pansi.

"Mwana wa matukutuku iwe!" anatero aphunzitsi. "Ngati kukhala sukufuna, kaime kumbuyo."

Kachiwala anakaima kumbuyo. Anaima yekhayekha pafupi ndi tsache. Misozi inalengeza m'maso. Buku lake linali loyerabe.

Lachitatu m'mawa, diresi linasowa.

Amayi anayang'ana pa chingwe. Palibe. Anayang'ana pansi pa bedi. Palibe. Anayang'ana m'basiketi. Mulibe.

"Diresi lamera miyendo kodi?" anafunsa amayi.

Kachiwala anali kuseri kwa chitseko. Anabisala kumeneko.

Bambo anatsegula thumba la zidutswa za nsalu. Anapisa dzanja pansi penipeni. Anatulutsa diresi la buluu. Linali makwinya okhaokha.

"Kachiwala, tabwera kuno."

Kachiwala anabwera pang'onopang'ono.

"Sindipitanso kusukulu," anatero.

Mtima unamuwawa ponena mawuwo. Sukulu ankaikonda. Koma diresi lija ankaliopa.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa bambo ake.

"Diresi likundibaya, Ababa."

Bambo anatembenuza diresi. Anayendetsa zala pa kolala. Anayendetsa zala m'khwapa. Anayendetsa zala m'chiuno.

"Palibe chobaya apa," anatero. "Ponseponse n'posalala."

Anayesanso kachiwiri. Sanamve kanthu. Nkhope yawo inagwa.

"Kapena diresi la bambo ako sukulifuna? Ukufuna la m'sitolo?"

"Ndikulifuna, Ababa!" analira Kachiwala. "Ndi lokongola. Koma likundibaya!"

Amayi anaika ndowa pansi.

"Bambo a Kachiwala," anatero, "wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwanayu sukulu ankachita kuilirira. Sangaikane popanda chifukwa. Inenso ndinalakwa. Ndinangoti azolowera."

Kachiwala anapukuta misozi. Anayang'ana manja a bambo ake. Zala zawo zinali zazikulu. Zinali zolimba ngati pansi pa nsapato. Singano inazibaya zaka zambiri.

Kachiwala anagwira chala chimodzi. Anachitsina ndi chikhadabo.

"Mwamva, Ababa?"

"Ndimve chiyani?"

Anachitsinanso mwamphamvu.

"Nanga apa mwamva?"

"Ayi ndithu."

"Ndiye zala zanu sizimva! Taweramani, Ababa."

Bambo anawerama. Kachiwala anakwera pa mpando. Anatenga kolala ya diresi. Anaiika pakhosi pa bambo ake. Anaiyendetsa uku. Anaiyendetsa uko.

Bayu!

"Mayo ine!" anakuwa bambo.

Anadumpha. Mpando wawo unagwa. Tepi inagwa. Bokosi la ulusi linatayika.

Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Taonani chiwala chachikulu!" anatero. "Ndiye tizoti mwanayu anatengera yani?"

Koma bambo sanaseke. Anavala magalasi. Anapita ndi diresi padzuwa. Anayang'anitsitsa msoko.

Pamalo pamene anawotcha ulusi panali kam'bulu. Kanali kakang'ono. Kanali kolimba. Kanali kakuthwa ngati munga. Pa kolala panali timibulu. M'khwapa munali timibulu. M'chiuno munali timibulu. Tinali tambiri.

Bambo anagwada pansi. Anayang'ana pakhosi pa Kachiwala. Panali timizere ta kukanda.

"Pepa, mwana wanga," anatero. "Ndakusokera minga. Wakhala nayo masiku awiri. Unkanena zoona."

Kachiwala anawakumbatira pakhosi. Mtima wake unapepuka.

Patali belu la sukulu linalira. Ngee! Ngee!

"Ababa, belu! Ndachedwa!"

"Dekha. Titolere ulusi uwo."

Kachiwala anatola ulusi wonse. Bambo anatenga lezala. Anamasula kolala. Anamasula manja a diresi. Anamasula m'chiuno. Ulusi wa nayiloni anautaya. Anaika ulusi wofewa wa thonje.

Ta-ta-ta-ta! Ta-ta-ta-ta!

Kachiwala anathamangira kumsewu. Anabwerera.

"Mwamaliza, Ababa?"

"Ayi."

Anazungulira nyumba. Anabwereranso.

"Nanga pano mwamaliza?"

"Iwe, ukufuna ndisoke chala?"

Panafika munthu wina ndi chikwama chong'ambika.

"Atelala, tandisokerani ichi. Ndikufulumira."

"Pepani, bambo," anayankha bambo a Kachiwala. "Khalani kaye pabenchipo. Ndili ndi kasitomala wamkulu."

Munthu uja anayang'ana uku ndi uko.

"Ali kuti?"

"Ndi uyu akudumphayu."

Ulendo uno bambo sanagwire machesi. Nsonga za ulusi anazimanga timfundo. Timfundoto anatibisa mkati mwa nsalu. Msoko ukatha, sankayesa ndi zala. Ankaitana mwiniwake.

Ankaika msoko pakhosi pa Kachiwala.

"Apa bwanji?"

"Apa pali bwino."

"Nanga apa?"

"Apa pakubaya pang'ono."

Bambo sanatsutse. Anamasula. Anasokanso.

"Nanga tsopano?"

"Tsopano pali bwino!"

Amayi anasita diresi msangamsanga. Kachiwala anavala. Anatembenuka. Anakweza manja. Anawerama. Anadikira.

Pakhosi, zii.

M'khwapa, zii.

M'chiuno, zii.

Bambo anamugwira dzanja. Anathamanga limodzi mpaka kusukulu. Anagogoda pa chitseko cha kalasi.

"Aphunzitsi, pepani tachedwa," anatero bambo akupuma wefuwefu. "Mwanayu si wa matukutuku. Diresi linkamubaya. Wolakwa ndi telala wake. Telalayo ndine."

Aphunzitsi anayang'ana Kachiwala.

"Bwanji sunanene, mwanawe? Inenso sindinakufunse. Pepa. Bwera ukhale kutsogolo kuno."

Kachiwala anakhala. Anatsegula buku. Aphunzitsi anayankhula. Kachiwala anamva zonse. Anzake analemba. Kachiwala analembanso. Analemba chilembo chimodzi. Analemba china. Tsamba lonse linadzaza.

Masana anabwerera kunyumba. Anaonetsa buku kwa amayi. Anaonetsa buku kwa bambo. Anadya. Anamwa madzi. Kenako anakhala pansi pafupi ndi makina. Anayamba kulemba pa dothi ndi kamtengo.

Nthawi inapita. Amayi anatuluka ndi beseni.

"Iwe Kachiwala! Yunifomu suvula kodi? Mawa uvala chiyani?"

Kachiwala anadziyang'ana. Anagwira kolala. Anatsegula maso kwambiri.

"Aa! Ndinaiwala kuti ndavala!"

Makina anaima. Bambo anavula magalasi. Anapukuta m'maso ndi kansalu.

"Mwamva, mayi a Kachiwala?" anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikusoka. Palibe anandiyamikirapo chonchi."