Kalongonda wa Teleza

Teleza anali atangotula dengu lake la kalongonda pansi pa mtengo wa mbawa, pomwe othyola tiyi ankapumulira masana, pamene anamva zoti Anesi, mwana wa Marita, wadwala.

"Akusanza, ndipo akaimirira akudzandira ngati woledzera," anatero mayi wina wothyola tiyi. "Akuti wadya kalongonda wophika amayi ake."

Teleza sanali mbadwa ya ku Thyolo. Anawoloka mtsinje wa Ruo pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, mwamuna wake atagwidwa ndi asilikali n'kupita osabwerera. Anafika pa esiteti ndi mwana kumbuyo ndi kathumba ka mbewu za kalongonda m'chiuno. Anazidzala kuseri kwa kanyumba kake, ndipo zitabereka anayamba kuphika n'kumagulitsa kwa antchito. Ena ankalipira makobiri, ena mchere. Geniyo ndi imene inkamudyetsa ndi kumuveka.

Mphika waukulu umene ankaphikira anamubwereka Marita, Mmang'anja, mkazi wa kapitawo Yesaya. Tsiku lina Maritayo anafunsa kaphikidwe kake, chifukwa nayenso ankafuna kumagulitsa. Teleza anachita mantha. Mkazi wa kapitawo akayamba geni yomweyo, adzagule kwa munthu wobwera ndani? Choncho anangoyankha kuti, "Amaphika ngati nyemba basi."

Koma kalongonda safuna changu. Amamuwiritsa, kutaya madzi, kuchotsa makoko, kuwiritsanso ndi kutayanso madzi mpaka dzuwa kupendeka. Ukapanda kutero, amadwalitsa.

Teleza anathamanga kudutsa m'mizere ya tiyi mpaka kwa Marita. Anapeza Anesi atagona pamphasa pakhonde, maso ali gwa, amayi ake akumupukuta thukuta. Yesaya anali ataima chapatali, manja kumbuyo. Teleza ankadziwa kuti bamboyo atangonena mawu amodzi kwa mzungu wa esiteti, kanyumba kake kagwetsedwa, iye n'kubwezedwa kutsidya kwa Ruo.

"Mwabwera, anzanga," anatero Marita. "Kaya ndinagula mbewu zoipa, kaya ndi dzanja langa. Ndaphika monga munandiuzira muja."

Palibe amene ankamuganizira Teleza. Akanatha kukhala chete, kupepesa za matendawo n'kubwerera kwawo. Koma atayang'ana milomo youma ya Anesi, anagwada.

"Mbewu zilibe mlandu, mayi a Anesi. Ndinakunamizani ndine. Kalongonda saphika ngati nyemba. Ndinkaopa kuti mundilanda ogula."

Yesaya anasendera pafupi, nkhope itachita mdima.

"Mphika tinakupatsani, malo tinakupempherani kwa mzungu. Malipiro ake ndi amenewa?"

"Bambo a Anesi, zimenezo tikamba mwana akadzuka," anatero Marita osayang'ana aliyense. "Inu a Teleza, nenani chochita."

"Wadya wambiri?"

"Pang'ono. Anati sakukoma, n'kusiya."

Teleza anapumira m'mwamba. Kwawo anaonapo ana otere, ndipo odya pang'ono ankatsitsimuka chizungulire chikatha. Anamunyamula Anesi pamiyendo n'kumamumwetsa madzi pang'onopang'ono, kwinaku akumuimbira chapansipansi m'Chilomwe. Marita anaphika phala lamadzimadzi. Loyamba mwanayo analibweza, koma lachiwiri linakhala.

Mithunzi itayamba kutalika, Anesi anadzuka n'kukhala tsonga. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anafunsa chifukwa chake nkhuku zikudya mphale yoyanika pamphasa anthu onsewo akungoonerera. Marita anaseka misozi ili mbwembwembwe. Yesaya anapirikitsa nkhukuzo ndi chipewa chake, ndipo pobwerera anakhala pansi osanenanso za mzungu.

Teleza anaimirira mwamanyazi. "Mphika uja ndibweretsa madzulo ano."

"Ukhale komweko," anatero Marita. "Mwandipweteka mtima, sindikubisirani. Koma mukanandifunsa, ndikanakuuzani kuti ine ndimafuna kukagulitsa cha ku Luchenza, kwa achemwali anga. Makasitomala anu sindinawafune. Mawa ndibwera ndi nkhuni, mundionetse kuyambira poyamba."

M'mawa mwake Marita anafikadi ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Anadabwa kupeza kuti sanali yekha. Pabwalo panakhala amayi ena awiri ovala nsalu zong'ambika, Alesi ndi Rhoda, amene anali atangowoloka Ruo masiku omwewo ndipo analibe poyambira. Teleza anali atawaitana yekha, n'kuwagawira mbewu zodzaza manja kuti akadzale mvula ikagwa.

Mphika utawira, Teleza anauphula n'kuupendeketsa. Madzi akuda bii anayenderera pansi, nthunzi ikufuka.

"Mwawaona madziwa?" Teleza anamufunsa Marita. "Awa ndi amene anagoneka mwana wanu. Tsopano tunganiko ena, ntchito yangoyamba kumene."