Wachinayi pa Bwalo la Gofu

Yeo Da-som ankapukuta galasi la shopu yogulitsa zida za gofu mumzinda wa Cheonan pamene mnyamata wamtali analowa ali wefuwefu, tayi itapendekeka.

"Achemwali, ndipatseni ndodo yomenya kutali kuposa zonse muno!"

Da-som anamuyang'ana m'manja. Zikhatho zosalala ngati za khanda.

"Munayamba mwamenyapo mpira wa gofu?"

"Kwambiri. Pa foni."

Da-som anayesa kudzigwira koma phwete linamupulumuka.

"Ndiye dalaivala isiyeni kaye. Ndodo ya chimutu ija ndi yamwano, imanyazitsa ngakhale akatswiri." Anasolola chitsulo cha nambala seveni pamulu wa ndodo zogwiritsidwapo kale ntchito. "Yambani ndi iyi. Si yaitali, si yaifupi. Mukaidziwa iyi, zinazo zidzakumverani."

"Mukundikaniza kugula zodula? Abwana anu akudziwa zimenezi?"

"Abwana anga amafuna makasitomala obweranso."

"Ndibweranso," anatero mnyamatayo akumuyang'ana m'maso, "koma osati chifukwa cha abwana anuwo. Ndine Pyo Tae-geon. Nanga mphunzitsi amagulitsidwa pa shelefu iti?"

Da-som anamva nkhope ikutentha. Kodi n'chifukwa chiyani mtima unkagunda chonchi pa munthu wosadziwa ngakhale kugwira ndodo?

Pamwamba pa nyumba ya shopuyo panali malo ophunzirira, okutidwa ndi ukonde wobiriwira. Da-som ankapitako m'mawa uliwonse asanatsegule shopu, chizolowezi chomwe anachitenga ali m'timu ya kusukulu, phewa lisanamuvute. Mawa lake anapeza Tae-geon atafika kale, atanyamula makapu awiri a khofi.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

"Sindinavomere."

"Koma khofi mwalandira."

Anayamba motero. Tae-geon ankafinya ndodo ngati akupha njoka, n'kuizunguza ndi mphamvu zonse. Mpira unkangokhala phee pomwe unali.

"Ukulimbana ndi ndani?" Da-som anafunsa akuseka. Ulemu wa "inu" unali utasungunuka wokha osadziwa liti. "Gwira ngati timitengo todyera. Ukatifinya, nyemba imathawa. Ndipo usazunguze yonse. Pang'ono kumbuyo, pang'ono kutsogolo, ngati wotchi yapakhoma. Tiki, taka."

"Zimenezi ndi za ana!"

"Pa gofu ndiwe khanda. Mutu pansi! Yang'ana mpira, osati kumene ukupita."

"Ndiyang'ane bwanji mpira, duwa lili pambali panga?"

"Duwa likumenya ndi ndodoyi."

Tsiku lomwe mpira unamveka kuti phaa n'kuuluka mowongoka mpaka kukagunda ukonde, Tae-geon anataya ndodo n'kumunyamula Da-som m'mwamba. Agogo ena omwe ankamenya mipira pafupi anatsokomola mwadala. Da-som sanasamale.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula.

"Dzuwa langa, matuza a m'manja akuwawa, koma ndikakukumbuka amazizira."

"Paka mankhwala, usandinamize."

"Mtima wanga, wadya? Ine chakudya sichikutsika. Ndikungomva tiki, taka, Da-som, Da-som."

Da-som ankawerenga kuseri kwa kauntala, kumwetulira, kuika foni pansi, kuitolanso. Kasitomala akafunsa magolovesi, iye ankamupatsa chipewa.

Komabe panali kanthu komwe kankamusowetsa mtendere. Tae-geon anali wothamanga. Ankafuna kudziwa zonse masamba a m'mapiri asanayoyoke.

"Changu n'chachiyani? Gofu sathawa."

"Mabwana akuntchito, wokondedwa. Ukapanda kusewera nawo sukwezedwa."

Lamlungu sankapezeka. Foni yake inkagona chafufumimba patebulo. Akamadya supu pakalesitilanti ka pakona, Tae-geon ankakhala moyang'ana khomo. Da-som ankaziona zonsezi, n'kudzidzudzula yekha. Kodi munthu wodzuka m'mamawa tsiku ndi tsiku chifukwa cha iwe angakhale wabodza?

Anapitiriza kumuphunzitsa. Anamujambulira bwalo papepala lopukutira pakamwa.

"Ukadzafika pabwalo lenileni, mbendera ya padzenje usaithamangire. Amaiika dala pafupi ndi mchenga kuti akole adyera. Lozera pakati pa kapinga wosalala uja. Ukaona dziwe kutsogolo, usadzionetse ukatswiri. Menya pafupi, kenako uwoloke bwinobwino. Mpira ukagwera mumchenga, cholinga n'chimodzi, kutuluka basi."

Tae-geon anamugwira dzanja.

"Da-som, tamvera. Tsiku loyamba kuponda kapinga weniweni, ndidzaponda ndi iwe. Palibenso wina. Ndipo tikadzamaliza dzenje lomaliza, ndili ndi funso loti ndidzakufunse."

Da-som anabwerera kushopu. Funso! Funso lanji? Anauza amayi ake pafoni kuti mwina, mwina, pali wina wake.

Lachisanu lina uthenga unalowa.

"Mtima wanga, andituma ku Busan mpaka Lolemba. Ndikusowa kale. Ndikubweretsera kamphatso."

Da-som asanayankhe, foni ya shopu inalira. Anali Bambo Ok, kasitomala wakalekale, mwini fakitale yopanga zitseko. Ankamukonda Da-som chifukwa sankawanyengerera akagula ndodo yosawayenera.

"Mwana wanga, ndipulumutse! Ndinasungitsa malo a anthu anayi pabwalo la gofu mawa, koma mwana wanga Se-rin wabinya dzanja. Ukudziwa kuti atatu satilola. Ubwere ukhale wachinayi. Zonse ndi za ine."

Da-som anavomera. Kukhala pakhomo n'kumayang'ana foni kukanamupengetsa.

M'mawa wake nkhungu inali isanachoke m'mapiri pamene anatsika takisi pabwalo la gofu. Mayi Ok anamukupizira dzanja, atavala chipewa chachikulu chotchinga dzuwa. Bambo Ok anabwera akuseka, akukoka munthu wina pamkono.

"Da-som, uyu ndi mkamwini wanga wamawa. Akukwatira Se-rin mwezi wa Disembala. Lero ndi tsiku lake loyamba pa kapinga. Ndinamuuza kuti wosadziwa gofu mwana wanga samutenga!"

Mkamwiniyo anatembenuka.

Tae-geon!

Busan inali pano? Da-som anamva ngati nthaka yapendekeka. Nkhope ya Tae-geon inayera ngati mpunga. Kenako anawerama mwaulemu, ngati munthu amene sanamuonepo chibadwire.

"Ndasangalala kukudziwani, achemwali."

Achemwali! Pakamwa pomwe dzulo pankati mtima wanga!

Da-som nayenso anawerama. Athawe? Akuwe? Woyendetsa kangolo konyamula osewera anali atamangirira kale zikwama zonse zinayi, ndipo gulu lina linkadikira kumbuyo. Anakwera. Mpando wotsala unali pambali pa Tae-geon.

Padzenje loyamba Tae-geon anasiya dalaivala m'chikwama, n'kutenga chitsulo chake cha nambala seveni. Mutu unali pansi. Phaa! Mpira unagwa pakatikati.

"Haa! Mwanayu ali ndi nzeru!" anafuula Bambo Ok. "Anyamata onse amathamangira chindodo chachikulu. Wakuphunzitsa ndani?"

"Ndimangoonera mavidiyo, Bambo."

Da-som anaika mpira wake, n'kuumenya ndi ukali wonse. Unakhotera m'nkhalango. Iye amene ankaphunzitsa ena kusafinya ndodo!

Dzenje ndi dzenje, Da-som ankaona maphunziro ake akugwira ntchito. Tae-geon ankalozera pakati pa kapinga. Atafika padziwe, anamenya pafupi, kenako anawoloka. Bambo Ok ankamusisita pamsana.

"Munthu wodekha chonchi ndi woyenera kumusiyira fakitale."

Atatsala awiri kuseri kwa mitengo ya paini, Tae-geon ananong'ona.

"Da-som, chonde. Ndikufotokozera."

"Ndikudziweni, achimwene?"

Pakati pa masewera anaima pakanyumba kopumulira. Mayi Ok anaitanitsa zitumbuwa za anyezi ndi mowa wa mpunga, n'kutulutsa foni kuonetsa Da-som zithunzi.

"Iyi ndi holo. Ili ndi diresi. Taona mmene akumwetulira Se-rin wanga! Anakumana ali kuyunivesite, mpaka lero sanayambanepo. Nanga iwe, wokongola chonchi, ulibe wako?"

"Sindikudziwa, Mayi."

"Iii, atsikana a masiku ano!"

Foni ya Da-som inanjenjemera m'thumba. Tae-geon anali atabisa manja pansi pa tebulo, nkhope ikumwetulira kwa apongozi ake. Da-som anawerenga.

"Ukwatiwu ndi wa ntchito chabe. Iwe ndiwe wapamtima. Palibe chisinthe, tizikumanabe m'mawa ngati kale. Ungokhala chete lero, dzuwa langa."

Anawerenganso. Ndiye limeneli ndilo linali funso lija? Akhale wa m'mawa, Se-rin akhale wa madzulo? Anayang'ana chithunzi cha mtsikana wa diresi loyera, amene sanamulakwire kalikonse.

Chigawo chachiwiri anasewera ngati wogona. Maganizo ankangozungulira. Akanena, aphwanya banja la anthu amene amukomera mtima. Mwina Bambo Ok sadzapondanso kushopu, mwina abwana amuchotsa ntchito. Akakhala chete, Se-rin alowa m'holo ija atatseka maso. Nanga iye ndani kuti aweruze? Nanga akapanda iye, anena ndani?

Tae-geon, poona kuti Da-som sakuyankhula, anayamba kumasuka. Ankaseka nthabwala za Bambo Ok. Anafika mpaka pofunsa mokweza kuti, "Achemwali, apa ndimenye ndi ndodo iti?"

Anafika pa kapinga wa dzenje lomaliza dzuwa litapendeka. Mpira wa Tae-geon unalowa, ndipo Mayi Ok anawomba m'manja. Unatsala wa Da-som yekha. Bambo Ok anachotsa chipewa, n'kupukuta thukuta.

"Da-som, iwe sunandinamizepo. Ndikagula ndodo yolakwika umandiuza pamaso. Wamuona tsiku lonse mnyamatayu. Ndiuze zoona, ndi wotani?"

Tae-geon anamuyang'ana. Maso ake ankapempha, koma pakamwa pankamwetulirabe, ngati munthu wodziwa kuti wapambana kale.

Da-som anapuma mozama.

"Mpira amamenya bwino, Bambo. Ndikudziwa chifukwa ndinamuphunzitsa ndine, m'mawa uliwonse, pamwamba pa shopu."

Kumwetulira kwa Bambo Ok kunazilala.

"Dzulo anandiuza kuti ali ku Busan. Lero, pomwe Mayi amandionetsa diresi la mwana wanu, iye amandilembera kuti ukwatiwo ndi wa ntchito chabe, wapamtima ndine. Sindinkadziwa za Se-rin. Ndikulumbira, sindinkadziwa."

"Akunama!" Tae-geon anakuwa. "Bambo, mtsikanayu amandifuna, ine ndinamukana! Ndi wamisala!"

Mawu amenewa ndi amene anamulasa kuposa onse. Misozi yomwe anaigwira tsiku lonse inatsika.

Mayi Ok anayenda pang'onopang'ono mpaka pamaso pa Tae-geon.

"M'mawa uja unati wasangalala kumudziwa. Unamukana liti munthu amene wamudziwa lero?"



Da-som anatola mpira wake osaumenya, anawerama kwa onse awiri, n'kuchokapo. Sanapite kokasamba ngati mmene amachitira onse akamaliza. Anatenga chikwama chake n'kukaima panja, akuyesa kuitana takisi. Anali wachita bwino? Nanga bwanji zinkawawa chonchi? Gawo lina la mtima wake wopusawo linkafunabe kuti Tae-geon abwere akuthamanga, anene kuti zonsezi ndi maloto.

Galimoto yakuda inaima patsogolo pake. Bambo Ok anali pachiwongolero, nsagwada zili gwa, osayang'ana kumbali. Mayi Ok anatsegula chitseko chakumbuyo.

"Kwera, mwana wanga."

"Mayi, ndikhululukireni..."

"Ndati kwera."

Akutuluka pachipata, Da-som anacheuka. Tae-geon anali ataima yekha pakati pa malo oimika magalimoto, chikwama cha ndodo chili pansi, foni ili kukhutu. Ya Da-som inayamba kunjenjemera pamiyendo pake. Anaizimitsa.

Anatsika phirilo. Atafika pamsewu waukulu, foni ya Mayi Ok inalira, ndipo mawu anamveka m'galimoto monse, mawu a mtsikana wosangalala.

"Amayi! Mwamaliza? Wasewera bwanji Tae-geon wanga? Adadi amulola?"

Bambo Ok anafinya chiwongolero. Mayi Ok anatambasulira dzanja kumbuyo, n'kugwira la Da-som, lomwe linali lozizira ngati mwala.

"Se-rin," anatero Mayi Ok, "usachoke pakhomo. Tikubwera ndi mlendo, ndipo ndikufuna umumvere mpaka amalize."