Mlendo Wosamwa Madzi

Loweruka m'mawa, Mame anali kuseri kwa nyumba akutsuka ndowa yosefera madzi. Ankaitsuka monga anamuphunzitsira: kansalu kofewa, popanda sopo, osakhudza sefa yadothi ya m'kati. Mphete yake yatsopano anali ataivula n'kuiika pawindo kuti isakandike, ndipo ankaimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi.

"Odi kuno!"

Anali mayi namwino a ku yunivesite, amene ankabwera mwezi uliwonse kudzafunsa ngati wina wadwala m'mimba. Lero anali atasenza katoni.

"Kafukufuku uja watha, mwanawe," anatero akutula katoniyo. "Ukukumbuka tinanena poyamba kuti ndowa zina n'zosefadi, zina n'zongofanana nazo, kuti tiyerekeze? Yanuyi inali yongofanana. Madzi ankangodutsamo. Nayi yeniyeni, ndi yanu tsopano."

Mame anafinya kansalu kaja pang'onopang'ono.

"Inuyo munkadziwa, mayi?"

"Ine? Ayi ndithu! Nafenso atiuza dzulo lomweli. Ankadziwa ndi amene anazipanga basi. Nditsanzike, makomo akadalipo ambiri."

Amene anazipanga! Mame anakhala pansi pa chitsa, madzi akudontha m'zigongono. Amene anapanga ndowayo Mame ankamudziwa bwino. Ndi yemweyo amene anamuveka mphete.

Anafika chaka chapitacho, ndowa paphewa, zitsulo zikulira m'thumba. Anali wophunzira za uinjiniya, wochita kafukufuku wa digiri yachiwiri. Anapeza Mame akuchonga makope a ana a sukulu patebulo, pambali pali mulu wa mabuku akale a nkhani.

"Onsewa mumawerenga nokha, aphunzitsi?"

"Inenso ndili ndi kafukufuku wanga. Ndikufufuza mmene okondana a m'mabuku amalonjezerana."

"Ndiye mwapeza chiyani?"

"Kuti wolonjeza kwambiri amathawa buku lisanathe."

Mnyamatayo anaseka mpaka sipanala inagwa.

"Ine ndilonjeza chimodzi chokha. Mpopi wa ndowa iyi sudzadontha."

Mawa lake unadontha. Anabwera kudzaumanga. Sabata yotsatira anabweranso kudzaona ngati sunayambirenso. Abambo ake a Mame, amene ankakhala pakhonde ndi wailesi chipumireni ntchito, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"A Mpopi, kodi ndowa za anzathu sizidwala? Kapena yathuyi ndi m'bale wanu?"

Dzinalo linakakamira kwa abambo. Mame ankangomutcha Injiniya. Ndipo Injiniya ndi amene anamupatsa dzina la Mame, atamupeza m'mamawa akuyanika zovala, mapazi atanyowa ndi udzu.

Masiku amenewo ankayenda ngati maloto a mbandakucha, aja munthu safuna kudzukamo. Foni inkanjenjemera m'thumba nthawi ya buleki.

"Mame anga, lero ndayeza madzi a makomo ambiri, koma m'kabotolo kalikonse ndikuona nkhope yako."

"Ndiye zotsatira zako zalakwika. Yezanso."

"Ndayezanso. Ukumwetulira."

Mame sanali munthu wotengeka ndi mawu. Mawu okoma anali atawawerenga ambiri, ena mpaka kuwalemba mizere kunsi. Chimene chinamugwira mtima chinali china. Injiniya anamanga mwendo wa magalasi a abambo ndi kawaya, osauza munthu. Akamayenda pamsewu, iye ndi amene ankakhala mbali ya magalimoto. Akamupeza ndi fumbi la choko m'tsitsi, ankalipemerera ndi pakamwa mofatsa ngati akuzizitsira mwana chakudya. Kodi munthu angachite zimenezi mwachiphamaso?

Asanagone, Mame ankagwada pambali pa bedi.

"Ambuye, ngati si ameneyu, muchotseni msanga, ndisanazolowere kugogoda kwake."

Koma kugogodako anali atakuzolowera kale.

Chinthu chimodzi chokha chinkawaseketsa pakhomopo. Mlendo wawoyu sankamwa madzi. Ngakhale dzuwa liswe mtengo, thukuta lili kamukamu, ukamupatsa tambula ankaikankha mwaulemu.

"Ine tiyi, Mame. Wiritsa ketulo yodzaza. Otsalawo uthire m'fulasiki, abambo azimwa."

Fulasikiyo anabwera nayo yekha.

"Munthu wa tiyi masana onsewa!" ankatero abambo. "A Mpopi, inu mudzaikidwa ndi sipuni m'manja."

Iwowo madzi a m'fulasiki sankawafuna. Ankati amanunkha ketulo, a m'ndowa ndiwo ozizirira bwino. Kale Mame ankawawiritsira madzi tsiku lililonse chifukwa thupi lawo linali lofooka ndi shuga. Chibwerereni ndowa anasiya. Inde, anasaina kuti akudziwa zoti ndowa zina n'zongoyerekezera. Koma iyi inabwera ndi ndani? Inkamangidwa ndi manja a ndani?

Tsiku lina akudikira basi pochokera ku laibulale, Mame anatsamira paphewa pake.

"Injiniya, yathu ija ndi yeniyeni, eti?"

"Chenicheni chimene ndingakuuze n'chakuti ndimakukonda."

"Iwe! Ndakufunsa za ndowa."

"Mame anga, ndikukulonjeza, pakati pa iwe ndi ine sipadzakhala chitseko chotseka."

Basi inafika, Mame anakwera akumwetulira. Iye, wofufuza malonjezo a okondana, sanaone kuti funso lake latsala pasiteji!

Mvula itayamba, abambo anadwala. Anatsekula m'mimba mpaka maso analowa, mawu n'kutha. Injiniya anawabereka kumsana mpaka kumsewu. Kuchipatala anawagwirira dzanja la diripi, anatsuka beseni lawo, anawapukuta milomo ndi thonje. Mame atatuluka m'wodi anamupeza atayang'ana khoma, akulira ngati mwana.

"Usalire," anamutonthoza. "Si iwe wawadwalitsa."

Iye analira kwambiri. Mame anathokoza Mulungu mumtima chifukwa cha mwamuna wokonda abambo a mnzake ngati ake.

Abambo anachira, ngakhale miyendo sinabwerere mwakale. Kuyambira pamenepo madzi awo ankawiritsidwa. Mvula isanathe, Injiniya anabwera ndi mphete.

Zonsezi zinamudutsa m'maso Mame ali pachitsa paja. Ketulo yodzaza. Fulasiki. Misozi ya pakhoma. Chilichonse chinali pomwe anachisiya, koma chinali chitasintha nkhope.

Anatenga foni, nalemba liwu limodzi: "Bwera."

Yankho silinachedwe. "Ndili kale m'njira, mtima wanga."

Ndiye kuti ankadziwa kuti ndi lero.

Injiniya anafika atavala malaya amene Mame ankawakonda. Anapereka moni kwa abambo pakhonde, iwo anangogwedeza mutu osachepetsa wailesi. Kuseri anapeza ndowa ziwiri zitaima limodzi, Mame ali pakati.

"Mame anga..."

"Unadziwa liti?"

"Tsiku loyamba. Ndinaimanga ndekha."

"Ndiye n'chifukwa chake sunkamwa madzi kwathu."

"Ndinkafuna muziwiritsa! Ndinayesetsa, Mame. Ndinkati mukazolowera ketulo..."

"Unkatiweta ngati nkhuku, kutiwazira chimanga kuti tilowe m'khola osadziwa? Pakamwa unali napo!"

"Ndinalumbira kuti sindiuza munthu. Khomo limodzi likanadziwa, msewu wonse ukanadziwa, kafukufuku yense n'kukhala wopanda ntchito. Ukudziwa zimene tapeza? Ana a m'makomo a sefa zenizeni sanadwale ngati anzawo. Tsopano umboni ulipo. Ndowa zimenezi zifika kutali kumene iwe ndi ine sitidzapondako."

"Ndikudziwa chimene kafukufuku ali. Nanenso ndimachita. Sindikukufunsa za msewu wonse, ndikukufunsa za ine. Unkandigwira dzanja. Unkandiyang'ana ndikutungira abambo madzi m'ndowa iyi. Unkamva bwanji?"

"Ndinkafa."

"Koma amene anatsala pang'ono kufa ndi iwowo."

Injiniya anaweramitsa mutu. Pawaya panatera mbalame, n'kuulukanso. Mame anadabwa kuti ngakhale tsopano ankafuna kumukonzera kolala yomwe inali itapindika.

"Mwina sanadwalire madzi," iye anatero motsitsa. "Palibe angadziwe."

"Zoona. Palibe angadziwe. Inenso ndikhala nazo choncho moyo wanga wonse." Anapuma. "Ndiyankhe chimodzi, ndipo usandiyankhe ndi mawu okoma. Panalibe njira ina?"

Injiniya anayang'ana ndowa yakale ija.

"Inalipo."

"Iti?"

"Lamulo limati ukayamba kukondana ndi munthu wa m'kafukufuku, ukauze apulofesa. Akanachotsa khomo lanu pamndandanda, n'kukuuzani kuti muziwiritsa madzi ngati kale. Ine mwina akanandichotsa pa ntchito yonse. Digiri yanga ikanathera pomwepo. Ndinafika pachitseko chawo kangapo. Ndinabwerera. Ndinkafuna zonse, Mame. Iwe ndi digiri yomwe."

"Mpaka lero sakudziwa?"

"Sakudziwa."

Mame anatseka maso. Ankayembekezera kupsa mtima, koma chimene chinabwera chinali chisoni chozizira, ngati cha munthu wodzuka n'kupeza kuti nyumba yokongola imene amayendamo inali ya m'tulo. Kodi zonse zinali zabodza? Kawaya ka magalasi kanali konama? Msana umene unabereka abambo unali wonama? Ayi. Zimenezo n'zomwe zinkapweteka kwambiri. Munthu wake anali wabwino, koma anachita mantha, ndipo mantha akewo anasenzetsa nkhalamba.

"Ndinapempha Mulungu kuti akuchotse ngati si iwe," anatero. "Sanakuchotse. Lero sindikudziwa kuti ankatanthauza chiyani."

"Usandisiye, Mame anga. Ndikukulonjeza..."

"Usalonjeze! Chonde, usalonjeze. Sindikudziwa ngati ndingagone nyumba imodzi ndi munthu amene amatha kundibisira chinthu chaka chathunthu, uku akundipsompsona pachipumi. Ndikamadzakufunsa kanthu n'kundiyankha kuti umandikonda, ndizidzaganiza chiyani?"

"Ndiuze chochita."

"Sindikuuza. Ndatopa kukuthandiza kuganiza kuti ndiwe wosalakwa. Ndipo si ine amene ndinagona pa diripi."

Injiniya anamuyang'ana, kenako anazungulira nyumba kupita kukhonde. Mame anamutsatira chapatali, naima pakona, dzanja pakhoma.

Abambo anazimitsa wailesi. Makoma a nyumbayo anali opyapyala, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti amva zonse. Injiniya anagwada pa simenti, nayamba kulankhula monong'ona.

Nthawi yomweyo mayi namwino anatulukira pageti, akubwerera kudzatenga ndowa yakale. Ataona mnzawo wa ntchito atagwada, anaima.

Abambo anawaona. Anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, osafulumira.

"A Mpopi, makutu angawa ndi okalamba. Kwezani mawu."

Injiniya anacheuka. Anaona yunifomu yoyera pageti, ndipo anadziwa kuti chimene anene pano chikafika kwa apulofesa Lolemba lisanathe. Mame anagwira mpweya, mtima wake ukupemphera popanda mawu.

Mnyamatayo sanadzuke. Anaika manja onse awiri pa mawondo a nkhalambayo, nalankhula mokweza moti ngakhale mayi woyanika zovala kuseri kwa mpanda anasiya ntchito.

"Bambo, ndowa ija ndinaimanga ndine, ndipo ndinkadziwa kuti sisefa. Ndinakonda mwana wanu, n'kubisira akuluakulu anga poopa kutaya digiri. Ndinakusiyani mukumwa madzi amene ineyo ndinkawakana. Ndinalakwa. Ndikhululukireni, bambo. Mame, kaya undilandira kaya undibweza, ndikhululukire."