Mzime ndi Puleni ya Dzimbiri

Mzime anali ndi mantha. Anali ndi mantha aakulu.

Bambo ake anali kalipentala. Anali ndi puleni yakalekale yopalira matabwa. Puleniyo anasiya ndi malemu agogo. Bambo ankaisunga m'bokosi.

Tsiku lina Mzime anaitenga mobisa. Anaisandutsa galimoto. Vuu! Vuu! Amayi atamuitana, anaisiya kuseri kwa mgolo wa madzi. Anaiwala. Mvula inagwa, inagwanso.

Ataikumbuka, mayo ine! Puleni yonse inali psuu ndi dzimbiri.

"Mawa nditulutsa puleni ya agogo," anatero bambo. "Ndikhoma kabedi ka khanda likubwerali."

Mzime anathamangira pomwe panali puleniyo.

Anatenga sopo ndi madzi. Mbale ikada amatsuka, nanga puleni? Anatsuka, anatsukanso. Anaibisa ili chinyowere. Kalanga mwanayu! Kutacha, dzimbiri linali litawonjezeka.

Bambo anatsegula bokosi. Munali mbee!

"Mzime, taonetsa manja ako."

Mzime anatambasula manja. Zikhadabo zake zinali zofiira ndi dzimbiri.

"Ndapha puleni ya agogo, bambo," analira. "Khanda ligona pati?"

Bambo anayang'anitsitsa zikhadabozo. Mzime anaopa kuposa kale.

"Kaitenge," anatero bambo. "Madzi akatayika saoleka. Koma chitsulo sichifa msanga."

Bambo anamasula puleni. Anaviika zitsulo mu viniga mpaka madzulo. Kenako Mzime anapala ndi sandipepa. Kwe! Kwe! Kwe! Timanja tinatopa, koma sanaleke.

"Nditsuke ndi madzi?" anafunsa.

"Iwe! Ukufuna kuiphanso?" anaseka bambo. "Iyi imasamba mafuta."

Mzime anapukuta zitsulozo. Anazidzoza mafuta. Bambo ananola mpeni wa puleniyo pamwala. Anamanganso puleni.

Anaikankha pathabwa. Gwa! Inakana.

Mzime anatseka maso. Misozi inali pafupi.

Bambo anabweza mpeni pang'ono. Anaika manja a Mzime pa puleni. Anaikapo ndi manja awo.

"Kankha, mwanangu."

Fyuu! Panatuluka kachidutswa ka thabwa kopyapyala. Kanapotana ngati mchira wa nkhumba.

"Yadzuka! Amayi, yadzuka!" anafuula Mzime.

Amayi anabwera pang'onopang'ono, atagwira mimba. Anasisita thabwalo. Linali see!

Mzime anaika pakamwa pamimba pa amayi.

"Tsopano ukhoza kubwera," ananong'ona. "Pogona pako tikukonza ndife."