Chipinda Chopanda Chitseko

Lolemba m'mawa, mmisiri wojambula mapulani a nyumba anapeza kompyuta yake ikuyaka, chikhalirecho Lachisanu anaizimitsa ndi dzanja lake lomwe. Pa sikirini panali nyumba yake ya iye mwini, imene ankaijambula anzake akaweruka, ndipo inali itadulidwa pakati.

Pulogalamu yojambulirayo ili ndi chida chimene mu ofesimo ankangochitcha mpeni, chifukwa chimadula nyumba ngati buledi kuti uone zam'kati. Mpeni wakale unkaonetsa zokhazo zimene wojambula wafuna. Watsopano, umene anauika sabata yathayo, unalibe chisoni: unkavumbula ndi zobisa zomwe.

Ndiye unavumbula chipinda cha mayi ake. Chaka chatha anawalonjeza, ali chigonere kwa mchemwali wake, kuti adzakhala ndi chipinda chawochawo, chitseko choyang'ana kotulukira dzuwa. Mkazi wake atadandaula zoti matenda ndi ntchito, iye anakauza mayiwo kuti malo achepa. Koma kufufuta chipindacho mtima unakana. Anangomata khoma pachitseko n'kuchibisa chonse. Bambo wamkulu, wophunzira, kubisa bodza ngati mwana wobisa mphasa yonyowa!

Anatseka sikirini msangamsanga, kuopa kuti anzake aona.

Lachiwiri anaipezanso ikuyaka, nyumba yodulidwa pomwepaja. Tsopano m'chipindamo munali bedi, ndipo pabedi panakhala kachidole kotuwa, kamodzi mwa tija timene amaika m'mapulani kuti kukula kwa nyumba kudziwike. Iye sanaikemo bedi, sanaikemo munthu.

Mlonda anamukokera pambali pamasitepe.

"Bwana, musandiyese woledzera," ananong'ona. "Pakati pa usiku mu ofesi mwanu mumawala. Kenako kumamveka kugogoda, pang'onopang'ono, ngati munthu wopanda mphamvu. Ndikatsegula, mulibe aliyense."

Pofika masana nkhani inali ponseponse. Ena ankati ndi akuba a pa intaneti, ena ankati mlondayo amaonera mafilimu. Mmisiri anaseka nawo, koma kuseka kwa pamano chabe.

Lachitatu kachidole kanali katatsika pabedi.

Lachinayi sanapite kunyumba. Anazimitsa kompyuta, n'kukhala mumdima, akumva wotchi ya pakhoma ndi madzi akudontha kuchimbudzi, dontho limodzilimodzi, mpaka misewu inatheratu phokoso. Kenako fani ya kompyuta inayamba kuzungulira. Sikirini inayera. Mpeni unayenda wokha, mwakachetechete, kudutsa pabalaza, kudutsa kukhitchini, n'kuima. Kachidole kanali kataimirira pakhoma la kum'mawa, nkhope itagunda pomwe panali chitseko, msana wopindika monga momwe mayi ake amaimira akadzuka.

Go. Go. Go.

Mantha analipo, inde, koma chimene chinamugwetsa misozi chinali manyazi. Miyezi inayi anali asanapondeko kukawaona, poopa funso limodzi lokha: nyumba ija ili pati, mwanawe?

"Pepani amayi," anatero. "Malo alipo. Analipo kuyambira kale."

Anachotsa khoma lija n'kubwezerapo chitseko. Kugogoda kunaleka. Anapumira m'mwamba, akulumbira mumtima kuti kukacha akawauza zoona, mkazi wake afune asafune.

Ataweramuka, chitseko cha pa sikirini chinali chotsegula. Komatu iye anali atachijambula chotseka. M'chipindamo munangotsala bedi.

Foni inalira m'thumba. Anali mchemwali wake, mawu atasasa.

"Achimwene, amayi atisiya pompano. Masiku anayi onsewa amangogogoda khoma la kumutu kwawo, osayankhula. Ndiye posachedwapa anamwetulira n'kunena kuti, 'Wanditsegulira.' Kodi amanena ndani?"

Mmisiri anayang'ana chitseko chija. Mchemwali wake anafunsanso kachiwiri, iye maso ali pabedi lopanda munthu lija.