Mdzukulu wa ku Golomoti pa Masitepe a La Paz

Dzuwa linali litalowa kale pamene a Bizeki Chimphamba anatsanzika kwa asewere awo, mayi Matilde. Phwando lowalandira linali lisanathe, koma thupi lawo linali litakana. Anali asanathe ndi sabata yomwe mumzinda wa La Paz, m'dziko la Bolivia, kumene mwana wawo Hilda anakwatiwa ndi mnyamata wa komweko, dzina lake Oscar. Anawo anawaitana kuti adzapume, aone dziko, aiwaleko za mpunga wa ku Bwanje.

"Ababa, dikirani Oscar akuperekezeni pa galimoto," anatero Hilda atawapeza pakhomo.

"Galimoto pafupi pomwepa? Nyumba yako ndikuiona ndi maso, siyo ili pamtundapo? Ine ndimachoka ku Golomoti wapansi kukafika ku Mua dzuwa lili paliwombo."

"Kuno si ku Golomoti. Mwaiwala zimene ananena adokotala za mtima wanu? Musathamange, musanyamule kanthu."

"Ndinyamula chiyani, mapiriwa?"

Hilda ataitanidwa kukhitchini, mkuluyo anavala chipewa chake nalowa mumsewu.

Kunena zoona, a Bizeki anali atatopa nawo mzindawu. Chitsikireni ndege, mutu unkawaphwanya ngati munthu wa malungo. Kwawo mpweya ndi wotentha, wolemera, umadzaza chifuwa. Kuno munthu amayasamula kukamwa konse koma wolowa ndi wochepa, ngati madzi a m'ngalande mwezi wa Okutobala. Tiyi wa masamba a koka amene ankawapatsa ankangowawa pakamwa. Mzinda wonse unali ngati mbale yaikulu, nyumba za njerwa zofiira zitakakamira m'mbali mwake, ndipo kuseri kunali phiri loyera pamwamba ngati lathiridwa ufa. Azimayi ankavala zipewa zozungulira zooneka zachimuna. Anthu ankakwera timagalimoto tolendewera pa chingwe, n'kumadutsa pamwamba pa madenga a anzawo osachita ndi manyazi omwe.

Koma chimene chinawasowetsa mtendere chinali manda. Masana a tsikulo, ali m'kagalimoto ka pachingweko, anaona makoma aataliatali okhala ndi timawindo tagalasi, tina pamwamba pa tinzake, muli maluwa ndi zithunzi.

"Masitolo a chiyani amenewo?" anafunsa.

"Ndi manda, ababa. Kuno ambiri amawaika m'khoma."

A Bizeki, amene kumudzi anali mdzukulu, wokumba manda ndi kunyamula maliro kuyambira unyamata wawo, anayang'anitsitsa makomawo. Kenaka anati, "Hilda, ndikakomoka kuno, usadzandiike m'kabati. Undibweze. Ndikagone pansi, pafupi ndi amako."

Hilda anaseka, koma iwo sanaseke.

Tsopano njira yachidule yopita kunyumba inali ya masitepe amiyala okwera m'mbali mwa khoma la manda omwewo. Anayamba kukwera mwachamuna. Posakhalitsa mpweya unawachepera. Anaima, napumira pakhoma. Khomalo linali lozizira ngati chitsulo. Anakweranso. Anaimanso. Phokoso la magalimoto linatsalira kumunsi, ndipo ngakhale agalu amene ankauwa anangoti zii.

Ndipo anamva kukhwekhwereza kwa mapazi patsogolo pawo.

Pansi pa nyali yofooka panali nkhalamba yaifupi, yowerama, itavala nsapato za matayala. Kumsana inabereka chinthu chachitali chomangidwa ndi chingwe chodutsa pachifuwa. Amtengatenga otere a Bizeki anali atawaona kumsika, akubereka matumba a mbatata ndi mipando. Koma ichi sichinali thumba. Maso a mdzukulu sanganamizidwe.

Linali bokosi la maliro.

Munthu mmodzi, yekhayekha... popanda nyimbo, popanda wolira, popanda womulandira.

Mawu a Hilda anawabwerera: musanyamule kanthu. Njira yolambalala inalipo, kumanzere kunali kampata. Koma kwawo mwamuna sadutsa maliro manja ali m'thumba. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, ndipo aliyense amaikapo phewa ngakhale pang'ono, kaya womwalirayo amamudziwa kaya ayi. A Bizeki anavula chipewa, nachiika pamwamba pa bokosi, nalowetsa phewa kumapeto kwake.

"Pepani, achimwene," anatero m'Chichewa, poti chinenero china analibe. "Tilandirane."

Nkhalambayo sinacheuke.

"Pang'onopang'ono," inayankha. "Wa kuchigwa sathamangira phiri."

Anakwera masitepe angapo a Bizeki asanazindikire. Mawuwo anawamva bwinobwino... koma anali m'chinenero chanji?

Bokosilo linali lopepuka. Munalibe munthu. Linkanunkha matabwa atsopano. Komabe sitepe iliyonse linkalemererako, ngati wina akulowamo mwakachetechete, kuyambira kumiyendo. Ndipo miyendo ya a Bizeki inayamba kuchita dzanzi. Dzanzilo linafika m'chiuno. Linafika m'mimba.

Iwo ankapuma wefuwefu, nthunzi ikutuluka m'kamwa chifukwa cha chisanu. Anayang'ana kutsogolo. M'kamwa mwa nkhalambayo simunkatuluka kanthu.

"Ndi la yani bokosili?" anafunsa.

"La mlendo. Wamtali ngati inu. Mtima wake watopa."

Chifuwa chinawathina. Nyali zinayamba kuvina. Anaona dambo la Bwanje, mpunga utacha, mbalame zikuuluka. Anaona mtengo wa msambamfumu umene uli pa manda a akazi awo. Kutali... kutali zedi.

Akanatha kusiya. Akanatha kuchotsa phewa n'kukhala pansi. Koma bokosi likanagwa, ndipo m'moyo wawo wonse sanagwetsepo bokosi.

Sitepe ina. Inanso. Mdima.

Anafika pa kachipata kachitsulo ka m'khoma la manda. Kanali ndi loko wadzimbiri, koma kanatseguka kokha. Kwiii!

Nkhalambayo inaima. Kwa nthawi yoyamba inatembenuka. Nkhope yake inali youma ngati chikopa cha ng'oma, koma maso ake sanali aukali. Anali otopa chabe, kutopa kwa munthu amene sanatulepo katundu.

"Ena onse akandiona amawoloka msewu," inatero. "Inu mwavula chipewa. Siyirani pompa. Wolowa nane pachipatapa sabwerera."

"Nanga mlendo uja?"

"Wonyamula sanyamulidwa usiku womwewo. Kagoneni kwanu."

Phewa linapepuka mwadzidzidzi. A Bizeki anagwada, kenaka anagwa chafufumimba.

Anatsitsimuka kutacha, ali pabedi kunyumba ya Hilda, chipangizo chowapatsa mpweya chili pamphuno. Oscar ndi amene anawatola pachipata paja. Hilda maso anali atatupa ndi kulira.

"Ababa, mukufuna kundisiyira mlandu kwa abale onse a ku Golomoti? Ndinati chiyani ine?"

"Unati ndisanyamule kanthu. Koma maliro si kanthu, mwanawe."

Anafotokoza zonse, Hilda akumasulira. Oscar anapukusa mutu nati ndi matenda a kumapiri, alendo ambiri amaona zosaoneka mpweya ukawachepera. Koma mayi Matilde, amene anali atabwera ndi msuzi wotentha, anaika mbale pansi nachita chizindikiro cha mtanda. Anayankhula motsitsa, Hilda akumasulira mawu akumuthawa.

"Akuti analipo wamtengatenga wina, dzina lake Fermin. Ankabereka mabokosi kuchokera kwa akalipentala kupita nawo kumanda. Tsiku lina anagwa pa masitepe aja, bokosi lili kumsana. Anthu ankangomulambalala, poganiza kuti waledzera. Pofika m'mawa anali atauma. Akuti... akuti zinachitika Oscar ali wakhanda."

A Bizeki atapezako mphamvu, anaumirira kuti akaone pamene anagona munthuyo. Anapita pa galimoto, masana, mayi Matilde akutsogolera. Kuseri kwa manda, pa mzere wapansi wa anthu osauka, panali kawindo kodetsedwa ndi fumbi. Loko wake anali atadyedwa ndi dzimbiri, ndipo kangaude anali atamanga ulusi wake pamenepo, wosadukapo ndi umodzi womwe. Hilda anapukuta galasi ndi mpango.

Munali chithunzi chofwifwa cha nkhalamba yaifupi, chingwe chili pachifuwa. Patsogolo pa chithunzicho panali chipewa chakhaki, chothothoka m'mphepete, chimene a Bizeki anagula pamsika wa Mtakataka.

Hilda anawagwira dzanja mwamphamvu. Oscar anati akaitane woyang'anira manda kuti athyole loko.

"Ayi, mkamwini," anatero a Bizeki. "Musiyireni. Kuno kumazizira."

Anaima kanthawi, mutu uli pambalambanda, mphepo ya m'phiri ikuwaomba padazi. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Dziko ndaliona, Hilda. Ndi lokongola. Tsopano undifunire ndege. Munthuyu wandipatsa njira, ndisamuchititse kuti adzandifunenso."