Chipepeso cha Mayi Wamoyo

"Tiwale, iwe utsale."

Mawuwo anamupeza atafika kale pakhomo la kalasi, chikwama chili kumsana. Anzake a kalasi 8 anamudutsa akukankhana, aliyense akuthamangira kwawo dzuwa la Okutobala lisanawaphe m'njira. Tiwale anabwerera. Patebulo la aphunzitsi a Ivete panali mulu wa mapepala a chimangirizo cha Chingerezi, ndipo lake linali pamwamba penipeni. Mumtima anangoti basi, zanga zada.

A Ivete anali atabwera ku Insaca kuchokera ku Cuamba chaka chomwecho, ndipo sanachedwe kudziwika. Tsiku loyamba analemba malamulo awo pabolodi: chigawo chilichonse mayeso awiri, kaderino yolembamo ntchito ya kunyumba ioneke Lachisanu lililonse, ndiponso chimangirizo chimodzi cholemba mwini wake. Wokopera alandira ziro, palibe kudandaula. "Ndipatseni Chingerezi chanu chotsimphinacho, ndichiwongola," ankatero. "Chobwereka sindichifuna."

Tsoka la Tiwale linali mbiri ya banja lawo. Agogo ake anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, amayi ake a Filomena anakulira konko, ndiye anthu ankangoganiza kuti m'nyumba mwawo Chingerezi amachita kudyera ndiwo. Chonsecho mwanayo anabadwira konkuno, ndipo Chingerezi chinkalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Mayeso awiri a chigawo chomalizachi anapeza 8 ndi 7 pa 20, pomwe wokhoza amayambira pa 10. Bambo ake a Efraimu, asanakwere shapa, minibasi ya kuno, kupita kukagulitsa nandolo ku Cuamba, anali atanena poyera kuti akabwereza kalasi, khasu likumudikira. Ndipo a Efraimu sanali munthu wolankhula kawiri.

Ndiye pamene a Ivete anapereka mutu wakuti "Amayi anga", Tiwale anakumbukira makaderino akale amene Chikondi anamusiyira mu Ogasiti. Chikondi anali mwana wa amayi ake aang'ono, malemu a Débora, amene anakwatiwa ku Malawi n'kutsalira komweko ena onse pobwerera. M'kaderino imodzi munali chimangirizo cha mutu womwewo, chodzaza zizindikiro zofiira zoyamikira. Tiwale anakopera chilembo ndi chilembo. Anangozindikira mawu otanthauza mayi, mpunga, mvula ndi chikondi, n'kusintha dzina la mudzi wa ku Malawi kuti likhale Insaca. Zoti adzifunse kuti kodi Chikondi analemba liti zimenezi, sizinamubwerere n'komwe.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero a Ivete.

Mawu awo anali ofewa, ndipo zimenezo zinamuopsa Tiwale kuposa kukalipa. Aphunzitsiwo anamugwira dzanja.

"Chimangirizo chako chija, redasau yakoyi, ndayiwerenga katatu. Poyamba ndinadabwa ndi Chingerezi chake, koma ndinakumbukira kuti kwanu munakhalako ku Malawi, komanso chisoni chimatulutsa mawu amene munthu sankadziwa kuti ali nawo. Bwanji sunandiuze?"

"Kukuuzani chiyani, apulofesora?"

"Kuti amayi ako anatisiya mu Januwale."

Tiwale anakumbukira. Mu Januwale ndi mmene anamwalira a Débora. Apa ndi pamene anazindikira chimene anakopera, ndipo pakamwa panatseguka kuti anene zoona. Koma maso anagwera papepala lija. Pakona pake panali nota yake, 17 wofiira, wonenepa bwino, wokwanira kumukweza kupita kalasi 9. Pakamwa panatsekeka. Misozi ya mantha inatsika, ndipo a Ivete anayiyesa ya maliro.

"Pepa, pepa. Anzako sindiwauza. Nanga pano ukukhala ndi ndani?"

"Ndi... amayi aakulu."

"Loweruka ndibwera ndidzawaone. Kwathu munthu sangomva za maliro n'kukhala chete."

Bodza ndi choncho, limodzi likabadwa limafuna mng'ono wake. Tiwale anafika kunyumba n'kupeza amayi ake amoyo, athanzi, akukalipira nkhuku zimene zinkatola nandolo pamkeka, ndipo analephera kuwayang'ana kumaso. Lachisanu lonse anazungulira ngati nyerere yotaya mzere. Madzulo anayesa nzeru.

"Amayi, mawa simupita kumsika?"

"Ndikatani kumsika? Nandolo uyu andipetera ndani?"

"Ndipeta ine."

A Filomena anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe? Wadwala kapena? Chikhalire sunapemphepo ntchito."

Nzeruyo itakanika, Loweruka m'mawa anatenga ndowa n'kukakhala pamjigo wa m'mbali mwa msewu wochokera ku Insaca. Anakonza zoti aphunzitsi akatulukira, awauze kuti kunyumba kulibe anthu, apita kumunda wa kutali. Anadzaza ndowa, n'kupatsa wina malo, n'kudzazanso ya mayi wina wokalamba. Njinga zinadutsa, shapa inadutsa, a Ivete osaoneka. Dzuwa litafika pamutu mtima unakhala pansi. Aiwala, anaganiza motero, aphunzitsi ali ndi zambiri zochita. Anasenza ndowa yake akuimba chapansipansi. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

A Ivete anali atadzera njira ya kumunsi, ya kumadimba. Tiwale anawapeza atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, atavala kapulana, chitenje chakuda, ndi mpango kumutu. Patsogolo pawo panali paketi ya shuga ndi sopo. Amayi ake anali atakhala moyang'anana nawo, malonje atangotha kumene. Madzi anakhavukira pamsana pa Tiwale potula ndowa.

"Bwera udzapereke moni kwa apulofesora ako," anatero a Filomena.

Anagwada, n'kupereka moni ndi mawu osamveka, n'kukhala kumapeto kwa mkeka.

"Mayi, ine ndabwera mochedwa," anayamba a Ivete. "Ndine mlendo kuno, nkhani sizindipeza msanga. Ndamva dzana za maliro amene anakugwerani mu Januwale, ndiye ndati ndidzapepese."

A Filomena anaweramitsa mutu n'kuomba m'manja pang'onopang'ono. "Zikomo, apulofesora, mwatilemekeza. Zinachitikadi. Anali mng'ono wanga, wopondana nane. Matenda ake sanatenge masiku."

"Pepani kwambiri."

"Ndi njira ya tonse."

Tiwale anapuma pang'ono. Mwina zitha chonchi, anaganiza, mwina amwa madzi n'kunyamuka. Anayamba kupemphera mumtima pemphero la wakuba, lopempha kuti mwini munda ayang'ane kumbali.

"Ndipo Mulungu akudalitseni," anapitiriza a Ivete, "polera mwana wamasiyeyu ngati wanu. Si onse amatero."

A Filomena anadzutsa mutu. "Wamasiye uti?"

"Tiwale."

"Uyu? Uyu ndinabala ndine, apulofesora. Wamasiye ndi Chikondi, ali ku Malawi ndi bambo ake."

A Ivete anayang'ana a Filomena, anayang'ana Tiwale, kenaka anatsegula chikwama chawo mosafulumira n'kutulutsa pepala lija. Nkhope yawo inali itasintha, koma mawu sanakwere.

"Tiwale, tenga. Werenga mzere uliwonse, uziwauza amayi ako tanthauzo lake."

Tiwale analandira pepala lija. Mzere woyamba anauwerenga mopunthwapunthwa n'kunena kuti ukukamba za amayi. Wachiwiri anati muli mpunga. Pa wachitatu anaima, ndipo thukuta linagwera pa 17 uja.

"Sindikudziwa," ananong'ona. "Ndinakopera m'kaderino ya Chikondi."

A Filomena sanakuwe, sanatole ndodo. Anangotembenukira kwa aphunzitsi. "Changa Chingerezi chinatsala ku msasa wa othawa nkhondo. Tandiuzeni inu zimene zalembedwamo. Ndimve mmene ndinafera."

A Ivete anazengereza, koma analandira pepala n'kuyamba kumasulira pang'onopang'ono.

"Akuti, amayi anga ankalima mpunga, ndipo mvula ikawapeza kumunda sankathawa, ankati ndi mlendo amene anamuitana okha. Mu Januwale anadwala. Tsiku lopita kuchipatala anandipempha kuti ndiwaluke tsitsi, chifukwa sankafuna kukaonekera kwa anthu ndi mutu wanyankhalala. Ndinaluka mbali imodzi. Galimoto inafika ndisanamalize, ndipo anandiuza kuti ndidzamaliza akabwerako. Sanabwereko. Mpaka lero manja anga amakumbukira pamene ndinalekezera."

Anasiyira pomwepo chifukwa a Filomena anali ataphimba nkhope ndi kapulana. Mapewa awo ankagwedezeka. Patapita nthawi analankhula, mawu ali osasa.

"Ndine ndinasambitsa thupi la Débora. Ndinapeza mutu woluka mbali imodzi, ndipo ndinamaliza ndine, ndikudabwa kuti ndani anamusiya chonchi. Sindinafunse munthu. Mwanayo anakhala pakhomo pano mwezi wathunthu, osandiuza." Anapukuta maso n'kuyang'ana mwana wawo. "Iye analirira papepala, poti analibe pena polirira. Iwe n'kutola misozi yake kukagulira nota."

Mawuwo anamupweteka Tiwale kuposa ndodo iliyonse imene anailawapo. Anakumbukira Chikondi akumupatsa makaderino aja, akuti mwina amuthandiza, ndipo manyazi anamugwira mpaka kufuna kulowa pansi. Nthawi yonseyi ankaopa kugwidwa. Zoti waba chinthu cha munthu wolira zinali zisanamufike mumtima.

A Ivete anatulutsa cholembera chofiira n'kudula 17 uja ndi mzere umodzi. "Nota iyi ndi ya Chikondi, ndipo anayenera kuposa apa. Yako ukuidziwa, lamulo ndinalemba pabolodi. Kwatsala pulova yomaliza, mayeso otsekera chaka, ndiye ngati ukufuna kalasi 9 ukaimenyere kumeneko, ndipo sindikunamiza, ndi phiri. Koma Lolemba ndikufuna redasau ya amayi ako enieniwa. Sindiika nota. Ingokhala mizere isanu, bola uliwonse uudziwe tanthauzo lake."

"Ndamva, apulofesora."

Ponyamuka, a Filomena anatola shuga ndi sopo kuti abweze. "Izi tengani, mwavutika pachabe."

"Ayi mayi, zisiyeni. Maliro analipo ndithu, ndinangosokera dzina."

A Filomena anawaperekeza mpaka panjira ya kumadimba, n'kubwerera kudzakhala pa nandolo wawo. Lichero linkangomveka, mankhusu akuuluka. Tiwale anatenga kaderino ya Chikondi n'kuyiika pambali pa amayi ake.

"Ndikufuna ndikamubwezere ndekha tikatsekera. Ndikamuuze zimene ndinachita."

"Ukamuuzadi," anayankha a Filomena osamuyang'ana. "Bambo akonso akabwera uwauza wekha. Ine sindikunyamulira katundu ameneyo."

Tiwale anakhala pamkeka ndi pepala loyera. Analemba mutu, n'kuima. Zinamudabwitsa kuti vuto silinali Chingerezi chokha. Chikondi ankadziwa zimene amayi ake ankanena mvula ikagwa, koma iye, amene ankadya nawo mbale imodzi tsiku lililonse, sankadziwa n'komwe mudzi umene amayi ake anabadwira, kapena mmene anayendera pothawa, kapena chimene chimawaseketsa. Anali asanafunsepo.

"Amayi," anaitana mwamantha. "Munabadwira kuti?"

"Ukufunsa ine? Si ndinafa mu Januwale?"

Tiwale anagwetsa cholembera n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni tsopano, kopanda mantha a nota kapena a khasu. "Pepani, amayi. Ndinalakwa. Ndinakulakwirani inu, ndinalakwira Chikondi ndi amayi aang'ono."

A Filomena anapeta kawiri katatu, n'kuika lichero pansi. Anamuyang'ana nthawi yaitali mwana wawo, ndipo mkwiyo unali usanathe m'maso mwawo, koma anasendera pafupi n'kutola cholembera chija, n'kumubwezera m'manja.

"Pukuta mamina, unyowetsa pepala. Za kobadwira ndikuuza, ndi zambiri, sizikwana mizere isanu."

"Nanga ndiyambe bwanji?"

"Mawu oti moyo m'Chingerezi ukuwadziwa?"

Tiwale anaganiza, n'kugwedeza mutu kuvomera. Amenewo ankawadziwa.

"Ndiye yambira pamenepo," anatero a Filomena. "Lemba kuti amayi anga ali moyo."